Dziwani njira ya paketi musanathamangire satifiketi

Funso: Ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo kosi ya networking yandifooketsa. Tsiku lililonse ndi ma layer a OSI, binary ndi subnetting, koma router, chipangizo cholumikiza ma netiweki, sitinaikhudzepo. Anzanga akuti ndingoloweza mafunso a CCNA ndipeze satifiketi, poti ndiyo imapezetsa ntchito. Makolo anga nawonso akufunsa ngati maphunzirowa ali ndi tsogolo. Nditani?

Yankho: Kufooka kwanuko ndikukumvetsa, koma malangizo a anzanuwo musawatsate. CCNA ndi satifiketi yabwino ya kampani ya Cisco ndipo mudzaifuna. Chondidetsa nkhawa ndi kulowezako. Tsiku limene ofesi yonse idzaime chifukwa intaneti yathima, anthu onse akuyang'ana inu, mafunso olowezawo sadzakuuzani poyambira. Chidzakupulumutseni n'kudziwa mmene uthenga umayendera kuchoka pakompyuta kukafika pa seva, ndipo zimene zikukutopetsani m'kalasizo n'zomwezo.

Ma layer 7 a OSI, magawo osanjikizana ofotokoza mmene uthenga umayendera pa netiweki, amene bungwe loona za miyezo la ISO linakhazikitsa mu 1984, si oti muziwalakatula ngati ndakatulo. Ndi dongosolo lofufuzira vuto. Munthu akadandaula kuti webusaiti siikutseguka, mumayambira pansi penipeni. Kodi chingwe chalowa bwino? Kagetsi kapa switch, chipangizo cholumikiza makompyuta a netiweki imodzi, kakuyaka? Chingwe cha Ethernet cha kopa sichiyenera kupitirira mamita 100, ndipo ambiri amaiwala zimenezi akamayala netiweki m'nyumba zazikulu. Kumeneko kukakhala bwino, onani ngati kompyutayo yalandira adiresi ya IP, nambala yoizindikiritsa pa netiweki, kuchokera ku DHCP, dongosolo logawira makina maadiresi. Mukapeza adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti siinalandire, yangodzipatsa yokha. Kenako chitani ping, kutumiza kauthenga koyesa ngati makina ena akuyankha, ku gateway, router yotulukira kunja kwa netiweki yanu. Ikayankha, yesani 8.8.8.8, adiresi ya seva ya Google. Imeneyonso ikayankha koma dzina la webusaiti likukanabe, kayang'aneni DNS, imene imasintha mayina kukhala manambala. Woloweza uja pofika apa amakhala atazimitsa ndi kuyatsa makina kangapo, osadziwa chimene akufuna.

Subnetting, kugawa netiweki imodzi m'zigawo zing'onozing'ono, ndiyo imagwetsa ambiri ulesi, komatu ili ndi chifukwa chake. Adiresi ya IPv4 ili ndi ma bit 32, choncho maadiresi onse ndi pafupifupi 4.3 biliyoni basi. Bungwe la IANA, loyang'anira maadiresi a intaneti padziko lonse, linagawa omaliza amene linali nawo mu February 2011. IPv6, ya ma bit 128, inabwera kudzathetsa kuperewerako, koma IPv4 ikadali paliponse ndipo muyenera kudziwa kuigawa mosamala. Tengani 192.168.1.0/24, pomwe /24 ikutanthauza kuti ma bit 24 oyamba ndi a netiweki. Muli maadiresi 256, koma oti mupatse makina ndi 254, chifukwa yoyamba ndi ya netiwekiyo ndipo yomaliza ndi ya broadcast, yotumizira uthenga ku makina onse nthawi imodzi. Mukaisintha kukhala /26, mwaigawa panayi, chigawo chilichonse chili ndi maadiresi 64, ogwiritsa ntchito 62. Zimenezi muzichita papepala ndi pensulo, pang'ono tsiku lililonse, mpaka muzitha osagwira kakyuleta. Njira yachidule palibe.

Za kusakhudza router, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo aphunzitsi anu auzeni mwaulemu kuti mukufuna nthawi ya mu labu. Koma musadikire. Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera kumanga netiweki pakompyuta, imapezeka kwaulere mukalembetsa ku Cisco Networking Academy, ndipo mmenemo mukhoza kulumikiza ma switch ndi ma router, kuwononga dala, n'kukonzanso. Ikaninso Wireshark, yomwenso ndi yaulere, pulogalamu yoonetsa mapaketi, tizidutswa ta uthenga toyenda pa netiweki. Itseguleni, lowani pa webusaiti ina iliyonse, kenako bwererani mukaone. Nthawi zambiri mupeza kompyuta yanu ikufunsa DNS pa port 53 (port ndi nambala ya khomo lolowera uthenga), kenako mapaketi atatu, SYN, SYN-ACK ndi ACK, akutsegula njira yopita ku port 443. Dinani paketi imodzi muone adiresi ya MAC (ya chipangizo chenichenicho), ya IP ndi port zitasanjikizana. Ma layer aja mudzawaona ndi maso anu. Chenjezo limodzi lokha: Wireshark muziigwiritsa ntchito pa netiweki yanu kapena pomwe mwapatsidwa chilolezo.

Makolo anu auzeni izi. Vint Cerf ndi Bob Kahn anafotokoza maziko a TCP, malamulo oyendetsera uthenga pa intaneti, mu 1974, ARPANET, netiweki imene inabala intaneti, inasamukira ku TCP/IP pa 1 January 1983, ndipo foni ili m'manja mwawomo ikugwiritsabe ntchito malamulo amenewo. Zida zimasintha chaka ndi chaka, koma maziko amene mukuphunzirawa sanasunthe. Mabanki, makampani a mafoni, zipatala ndi opereka intaneti onse amafuna munthu wosamalira netiweki. Ngakhale mutadzasankha za cloud kapena chitetezo cha makompyuta, mudzayambira pomwepa, chifukwa simungaike firewall, chotchinga uthenga wosafunika, moyenera musakudziwa ma port ndi ma protocol amene mukutseka.

CCNA kapena CompTIA Network+ mudzalembe mukamaliza kosiyi. Mudzadziwa kuti nthawi yakwana mukadzatha kumanga mu Packet Tracer ma netiweki awiri olankhulana kudzera pa router, osasuzumira m'kope.