Funsani Makaniko: Galimoto ikungoti "tche tche tche" m'mamawa

Bambo Makaniko, ndili ndi galimoto yayikulu ya mtundu wa SUV, ya dizilo, ya giya ya otomatiki, yomwe tinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Poti mafuta akwera mtengo, mkati mwa sabata ndimakwera minibasi, galimotoyo ndimaitulutsa Lamlungu lokha popita kutchalitchi. Chiyambire June yayamba kukana kulira. Ndikapotokola kiyi imangoti "tche tche tche", magetsi a pa dashibodi n'kumazilala. Aneba akandijampitsa ndi galimoto yawo imalira nthawi yomweyo. Mnyamata wina wa pagalaja wati sitata yatha, ndigule ina. Batire ndi lomwe linabwera ndi galimotoyo mu 2021. Kodi ndigule sitatayo?
Mayi wa ku Area 25

Mayi, ndalamayo imangeni kaye pa chitenje. Yankho mwalinena kale nokha: aneba akakujampitsani galimoto imalira. Sitata yakufa siidzuka chifukwa choti mwabwereka moto wa galimoto ina. Ikadzuka ndiye kuti ndi yamoyo, imangosowa mphamvu. "Tche tche tche" mukumumvayo ndi kachitsulo ka pa sitata kotchedwa solenoid, kakukoka n'kutaya, kukoka n'kutaya, chifukwa moto womwe ukufikapo ndi wosakwanira kutembenuza injini. Mnyamatayo sindikumunena kuti ndi wakuba, mwina anangofulumira, koma makaniko woti sanagwire batire n'komwe asakutumeni ku Malangalanga kukagula chitsulo.

Ine ndikuloza chala batire. Ambiri amatumikira zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo lanulo simukudziwa kuti ku Japan linali litagwira kale ntchito nthawi yotani. Kuonjezera apo, galimoto yoima masiku asanu ndi limodzi sikuti yagona tulo. Alamu, wotchi ndi kompyuta ya injini zimanyambita moto pang'onopang'ono usana ndi usiku. Lamlungu mumayenda kamtunda kakafupi, kosakwanira kubweza zomwe zatha. Ndiye kwabwera chisanu cha June ndi July chomwe a kuno ku Lilongwe timachidziwa bwino. Kukazizira batire limafooka, oyilo amalimba, ndipo injini ya dizilo ndi yolemera kutembenuza kuposa ya petulo chifukwa imapanikiza mpweya kwambiri. Batire lokalamba limaululika nyengo imeneyi.

Musanagule ngakhale batirelo, tsegulani boneti muyang'ane mitu yake iwiri. Mukaona zoyera kapena zobiriwira ngati ufa, kapena waya akugwedera mukamugwira, mwina vuto lonse lili pomwepo. Tengani sipanala, kawirikawiri ya nambala 10, mumasule waya wa chizindikiro cha (-) poyamba, kenako wa (+). Sungunulani soda, yemwe uja wothira m'therere, m'madzi ofunda, mutsuke mituyo ndi mswachi wakale, muumitse, n'kumanga zolimba kuyambira (+) kumalizira (-). Zoyerazo ndi za asidi, musazigwire ndi manja kenako n'kutikita m'maso. Chenjezo limodzi: mawailesi ena ochokera ku Japan akasowa moto amadzuka akufuna khadi lake la mapu, ndipo popanda khadilo amangokulemberani Chijapani osaimba. Onetsetsani kuti khadi lilimo musanamasule waya.

Mitu ikakhala yotsukika bwino koma vuto osatha, pitani kwa wamagetsi a galimoto, ku Biwi aliko ambiri, mumuuze ayeze batire ndi kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter inu mukuona. Manambala ake si ovuta. Batire lodzaza, injini itazima kwa maola angapo, limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6. Likamaonetsa 12.2 latsala theka. Wina akamailiza galimoto, nambalayo isatsike kupitirira 9.6, ikatsika batire latha ntchito. Injini ikalira, iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikakhalabe pa 12, wolakwa ndi alternator, chipangizo chomwe chimadzaza batire injini ikamalira, kapena lamba wake, ndipo batire latsopano lingakuthereninso pasanathe sabata.

Apa ndipomwe ndimakangana ndi anzanga. Alipo amakaniko omwe poyesa alternator amazula waya wa batire injini ikulira, n'kumati ikapanda kuzima ndiye kuti zili bwino. Zimenezo zinkatheka pa magalimoto akale opanda kompyuta. Pa yanuyi moto ungadumphe n'kuwotcha kompyuta ya injini, chinthu chodula kuposa mabatire angapo. Mukaona dzanja likupita ku waya injini ikulira, mugwireni mkono.

Pojampitsa, waya wofiira ayambire pa (+) ya batire lanu kupita pa (+) ya aneba. Wakuda achoke pa (-) ya aneba kukaluma chitsulo cha injini yanu, patali ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka. Musaliritse sitata kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ipumitseni. Ndipo anyamata a pamsewu akadzipereka kukukankhani, athokozeni basi, ya otomatiki siilira ndi kukankha.

Mukagula latsopano, likhale la kukula kofanana ndi lakalelo, osati la kagalimoto kakang'ono chifukwa chotchipa. Kungoiliza pakhomo mphindi zisanu sikudzaza batire. Kamodzi pa sabata iyendetseni theka la ola, kapena muzimasula waya wa (-) ikamaima masiku ambiri.

Bambo Makaniko, yanga ndi ya dizilonso. Mafuta atasowa ndinagula a m'zigubu kwa mavenda. Tsopano sitata ikutembenuza bwinobwino koma injini siikugwira.
Bambo wa ku Kawale

Achimwene, vuto lanu ndi losiyana ndi la mayi aja, batire lisiyeni. Injini ikutembenuka koma ikusowa dizilo woyera. Ngati thanki inauma musanathire, m'mapaipi mwalowa mpweya. Magalimoto ambiri otere ali ndi kapampu ka dzanja pamwamba pa sefa ya mafuta. Kadinikizeni mobwereza mpaka kalimbe, ndiye muyese. Pansi pa sefa yomweyo pali kotsegula kotayira madzi. Khetserani m'botolo loonekera mkati. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Mukapeza madzi ambiri kapena fungo la parafini kaya petulo, musayesenso kuliza. Thanki ikhuthulidwe, sefa isinthidwe, chifukwa pampu ndi ma injector, tizitsulo topopera dizilo mu injini, amadalira mafutawo kuti asakhulane, ndipo mtengo wake mungakhale nawo pansi.

Botolo likaonetsa dizilo woyera, yatsani kiyi mudikire kanyali ka pa dashibodi kooneka ngati waya wopotana kazime musanalize. Ikamavuta m'mawa mokha, n'kulira ndi utsi woyera, yezetsani ma heater plug, tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini kuti ilire kukazizira. Ndipo poti kwathu kuno ambiri timasunga matumba a chimanga pafupi ndi pomwe timaimika galimoto, unikani ndi tochi pansi pa boneti. Chaka chatha ndinataya tsiku lathunthu pa galimoto ina yokhala ngati yanuyi, kenako n'kupeza chisa cha khoswe pafupi ndi bokosi la mafyuzi, mawaya awiri atawadula.