Za a JZU: phungu amene anagwira Parliament koma State House inamukana

Achimwene mwafunsa kuti kodi ndi zoona a John Tembo (JZU) anakhala phungu zaka 50 osagwapo, nanga ngati anali amphamvu choncho analephera bwanji kukhala pulezidenti. Ndiyankheko ine wa ku Dedza konko ngakhale ena mu gulu muno mundinena kuti ndine wa tambala wakuda, ayi ndithu ine khadi ndilibe.

Choyamba za zaka 50 zo anthu amangophatikiza. Mkuluyu analowa mu nyumba ya malamulo mu 1961 dziko lisanalandire ufulu, ali mphunzitsi wachinyamata, wobadwa mu 1932. Pa chisokonezo cha nduna cha 1964 pamene a Chipembere, a Chiume ndi anzawo anasemphana ndi Kamuzu iwo anakhala mbali ya Ngwazi, apo nkuti ali kale nduna ya zachuma. Koma kuyambira 1971 mpaka 1984 anali gavanala wa Reserve Bank, ndiye simunganene kuti zaka zonsezo anali phungu. Zomwe tingawerenge bwinobwino ndi za nthawi ya matipate, Dedza South anawina 1994, 1999, 2004 ndi 2009, kenako anapuma okha, sanagwe pa voti.

Agogo anga amakonda kunena kuti iwo mawu a Kamuzu sanawamvepo, amamva a Tembo. Poti Ngwazi pa msonkhano imayankhula chizungu ndiye womasulira kwa nthawi yaitali anali JZU, agogo atakhala pa mpando wa ndalema kawailesi ka mabatire kali pa bondo, akamva Chichewa chija amangogwedeza mutu. Tangoganizani munthu amene mawu ake alowa m'nyumba iliyonse zaka zonsezo, komanso ndi malume ake a Mama Cecilia Kadzamira. Kuyandikira kumeneko ndi komwe kunawapatsa mphamvu ndipo ndi komwekonso kunawatsekera njira. Anthu ambiri makamaka kummwera ndi kumpoto chilichonse chowawa cha nthawi ya chipani chimodzi amachikoloweka pa iwo. Mu 1995 anamangidwa pa mlandu wa imfa ya a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga omwe anaphedwa mu 1983 mitembo nkupezeka ku Mwanza, khoti linawapeza osalakwa chaka chomwecho koma khoti la m'mitima ya anthu silitseka fayilo msanga.

Pomwe ine ndimawavulira chipewa ndi mu chamber. 2004 MCP, chipani chomwe iwo ankatsogolera, ndi yomwe inapeza mipando yambiri kuposa chipani china chilichonse, pafupifupi yonse ya chigawo chapakati, ndiye Bingu atachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP analibe aphungu okwanira, amangokolola a eni. Apa ndi pomwe panabwera nkhani ya Section 65, lamulo loti phungu ukasiya chipani chomwe unawinira nkulowa china chomwe chili mnyumbamo Sipikala alengeze kuti mpando wako ulibe munthu. 2007 Supreme Court itanena kuti lamulolo ndi lovomerezeka a Tembo anakakamira kuti Section 65 kaye bajeti pambuyo, Sipikala a Louis Chimango atamangidwa manja ndi ma injakishoni, bajeti nkuchedwa mpaka September. Ndimakumbuka pa golosale ina tikumvera pa wailesi, wogulitsa mpaka anaiwala kundibwezera chenji, ena akuombera m'manja kuti Puludzu (a Tembo omwewo) wawagwira pakhosi, koma bambo wina atanyamula thumba lopanda kanthu anangoti nanga makuponi a feteleza tilandira liti. Funso la bambo ujalo ndi lomwe linawagwetsa pa chisankho cha pulezidenti cha 2009. Pa lamulo anali ndi mfundo ndithu, koma kumudzi anthu anaona ngati akutsekereza feteleza, chonsecho nkhani ya sabuside iwo omwe anayilalikira kwambiri pa kampeni ya 2004. Bingu anatenga 66 peresenti, iwo cha m'ma 30 ngakhale a Muluzi anawapatsa sapoti, ndipo MCP mipando inatsika osafika ndi 30 yomwe.

Palinso zina zomwe ochemerera sakonda kuzitchula. July 2002 anavotera bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti ija, inalephera ndi mavoti atatu okha. Komanso kukangana kwawo ndi a Gwanda Chakuamba kunang'amba chipani, a Gwanda anatuluka nkukayambitsa Republican Party, 2004 onse awiri anaima payekhapayekha Bingu nkudutsa pakati ndi mavoti osafika 40 peresenti, mukaphatikiza a awiriwo amaposa a Bingu kutalitali. Nthawi imeneyo kunalibe za 50+1.

2013 anasiyira a Chakwera utsogoleri wa chipani pa konivenshoni, 2014 sanaimenso. Anamwalira mu September 2023 ali ndi zaka 91, ataona MCP yabwerera m'boma mu 2020 patatha zaka 26, koma wokhala pa mpando ali munthu wina.