Kwa amayi a ku Mufakose ofunsa za anapiye: tambala kapena msoti?

Amayi, mwati munagula anapiye achikuda ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, aja anzathu kuno ku Zimbabwe amati roadrunner, ali ndi milungu 5, ndipo mukufuna kudziwa atambala ndi ati poti inu cholinga chanu ndi mazira. Chonde zimene ena akunena, zoti mumugwire mwanapiye miyendo n'kumuzondotsa kuti muone ngati adzutsa mutu, zisiyeni. Mwanapiye aliyense amaphiriphitha akachita mantha, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndipo mungomupweteka chabe. Za singano yolendewera pa ulusi ndi zoti dzira losongoka limaswa tambala, nazonso n'zabodza.

Panopa yambani kuyang'ana pamutu. Pakati pa milungu 5 ndi 8, lipombo la tambala limakula msanga n'kuyamba kufiira, ndipo tinyama tiwiri tija ta pansi pa mlomo timatulukira. La msoti limakhala laling'ono, lotuwa ngati lachikasu, ndipo limadzafiira akayandikira kuikira, zomwe kwa nkhuku zachikuda zimachitika cha m'ma miyezi 6. Koma musaweruze mwanapiye mmodzi payekha. Athireni madeya m'mawa, mukhale pansi pafupi, muwayerekeze a msinkhu umodzi ali pamodzi. Muona wina miyendo yake ndi yonenepa, waima chilili khosi m'mwamba, akuthamangira kutsogolo, akugundana pachifuwa ndi mnzake nthenga za m'khosi zitaima. Ameneyo mumangeni kaulusi kumwendo, kosathina, kuti mumutsate. Kumenyana kokha si umboni ayi, misoti nayo imalimbirana ukulu.

Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira ndi nthenga za pamsana, pafupi ndi pomwe payambira mchira. Zikafika miyezi 3 kapena 4, inyamuleni nkhukuyo, mulowetse chala pansi pa nthengazo padzuwa. Za tambala ndi zazitali, zopyapyala, zosongoka kunsonga, zonyezimira, ndipo zimagwera m'mbali. Za msoti ndi zazifupi, zobulungira kunsonga. Za m'khosi chimodzimodzi. Apa simungaphonye, ngakhale kwa kameta amene khosi lake lili mbee, chifukwa pamsana nthenga ali nazo. Kulira kumabwera cha pa miyezi 4 kapena 5, ndipo poyamba mawu amakhala osasa.

Ena amanena zoyang'ana kutalika kwa nthenga za m'mapiko. Njirayo ilipodi, koma imagwira masiku atatu oyamba okha, komanso pa nkhuku zimene makolo ake anachita kusankhidwira zimenezo. N'chimodzimodzi ndi mtundu wa ubweya: anapiye a nkhuku zamazira monga Hy-Line Brown, aakazi amaswedwa ofiirira, aamuna oyererako. Zathu zosakanikiranazi sizitsata lamulo limenelo. Zofinya kumbuyo kwa mwanapiye musayerekeze n'komwe, ndi luso limene linayambira ku Japan ndipo anthu amachita kuliphunzira nthawi yaitali. Dzanja losazolowera limapha.

Yembekezerani kuti pafupifupi theka akhala atambala. Misoti imaikira bwinobwino popanda tambala, kungoti mazirawo saswa. Ngati mukufuna kuti zidziswana, sungani mmodzi wathanzi, amakwanira misoti 8 mpaka 10. Enawo muwapatule akangodziwika, muwanenepetse, chifukwa pa yadi zathu zopanikizanazi atambala ambiri amazunza misoti komanso amakudanitsani ndi aneba. Akakwana milungu 8 mudzatumize zithunzi za mutu ndi za pamsana, zojambula panja masana, tidzathandizane kuona.