Yankho: Kusoka yunifolomu ya judo yoti ivomerezedwe pa mpikisano

Achimwene, mwafunsa ngati yunifolomu ya judo yosoka nokha ingaloledwe pa mpikisano. Pa mipikisano ya IJF, bungwe loyang'anira judo padziko lonse, ayi, chifukwa imafunika chizindikiro chawo, chomwe chimaperekedwa kwa makampani ovomerezedwa okha. Pa mipikisano ing'onoing'ono yambani mwafunsa okonza, ambiri amangoona miyeso.

Ndiye miyesoyo ndi pomwe pagona nkhani. Munthu akatambasula mikono kutsogolo, manja a jekete afike pamfundo ya dzanja, ndipo akhale otakasuka kuti mnzake apeze pogwira. Mukathinitsa, oyeza ndi kachipangizo kotchedwa sokuteiki amubweza wosewerayo asanaponde n'komwe pabwalo. Kolala isanenepe kupitirira sentimita 1. Ena amaiumitsa dala kuti mnzawo avutike kuigwira, komatu n'kubera kumeneko. Thalauzi isakwere kuposa masentimita 5 pamwamba pa kakolo, ndipo lamba akamangidwa, nsonga zake zitsale masentimita 20 mpaka 30.

Ine chimene ndingakuumirizeni ndi kuchapa nsalu musanadule. Ya thonje imafupika ikalowa m'madzi, ndiye manja amene anali bwinobwino pa makina amadzathera pamwamba. Musokenso ziwiri, yoyera ndi yabuluu, poti wosewera amavala mtundu malinga ndi mmene amuitanira.