Mwabwerako ku kosi, koma abwana akuti "zisiye kusukulu"

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Anakhala miyezi ingapo mumzinda wa Tete akuphunzira kuwotcherera, koma atabwerera pashopu, abwana ake amangoti, "Za kusukulu zisiye kusukulu komweko." Ndiye akufunsa: kodi ndalama zanga zinangolowa m'madzi?

Ayi achimwene, sizinalowe m'madzi. Kungoti luso limafunanso zida, nthawi, ndi wamkulu wokulolani kuyesa.

Tengani nkhani ya marodi, tindodo towotcherera zitsulo, a mtundu wa 7018. Munaphunzira kuti amayamwa chinyezi, motero ayenera kukhala pouma. Ku Tete kuja, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, mwina simunazione bwino. Kwathu ku Angónia n'kumtunda, ndipo mvula ikagundika mu Januwale, katoni yong'ambika ili pasimenti, marodi amanyowa osaoneka. Mukawotcherera, msoko umatuluka timabowo, ngolo n'kukathyokera kumunda itasenza matumba a mbatatesi. Amene atukwanidwe ndi inu, "wa satifiketi uja."

Ine ndinagwirapo pashopu ina pomwe chotchinga kumaso chinali chimodzi, anthu tili anayi. Tsiku lina ndinangotsinzina n'kumawotcherera. Usiku maso ngati athiramo mchenga, misozi chuchuchu. Mayi anandiika timapisi ta mbatatesi m'zikope. Kanali kuziziritsa chabe, m'mawa ndinapitabe kuchipatala. Kumigodi ya malasha ku Moatize simungayandikire ntchito mulibe zodzitetezera, chifukwa kuli munthu wolembedwa kuti aziyang'ana zimenezo. Pashopu yanu munthu ameneyo kulibe, komanso abwana amawerenga mageti omwe atuluke pofika Loweruka.

Ndiye musawalalikire. Munthu amene wagwira chitsulo zaka 20 sangamve za mwana wadzulo, makamaka pamaso pa kasitomala. Sankhani chinthu chimodzi chosawadyera ndalama. Pezani chitini chotsekeka bwino, muzisungamo marodi atangotsegulidwa kumene. Tsiku lopanda ntchito yambiri, lumikizani tizitsulo tiwiri ndi rodi youma, tina tiwiri ndi ya m'katoni ija, muwapatse hamala abwanawo kuti amenye okha. Inu khalani chete.

Chotchinga kumaso chokha musadikire munthu. Malipiro akangotuluka gulani chanu, cha galasi lakuda la nambala 10 kapena 11 (nambalayi imasonyeza kuda kwake), mulembepo dzina ndi penti.