Amawina ndi dalaivala kapena galimoto? Yankho kwa achimwene amene alamu awo awasowetsa mtendere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Akuti nthawi iliyonse akakumana ndi alamu awo, alamuwo amayamba nyimbo yomweyomweyo: Formula 1 ndi mpikisano wa magalimoto basi, Lewis Hamilton ankawina chifukwa cha Mercedes, ndipo poti wapita ku Ferrari waonekera ng'amba. Funso lawo ndi lalifupi: "Ndiziwayankha bwanji?"

Achimwene, mwandiponda pachilonda. Ndikanatha kukuyankhani ndi mizere itatu pa imelo pomwepo, koma nkhani imeneyi inandiyambanitsapo ndi mnzanga wa kusekondale mpaka tinatha miyezi iwiri osapatsana moni. Ndiloleni ndiyambire kutali.

Pa 12 Disembala 2021 ndinali m'kabala kena ku Zingwangwa. Kunyumba dikoda inalipo, koma ndalama yolipirira tchanelo cha mipikisano ya magalimoto inali itapita ku feteleza wa amayi kumudzi. Ndinafika 2 koloko, n'kumugulira botolo mnyamata wa pakauntala kuti rimoti aisunge m'thumba. Hamilton ndi Max Verstappen wa timu ya Red Bull anafika ku Abu Dhabi, mpikisano wotsiriza wa chaka, ali ndi mapointsi ofanana ndendende, 369.5 aliyense. Hamilton akanawina chikanakhala chikho chake chachisanu ndi chitatu, kumusiya m'mbuyo Michael Schumacher amene ali nazo zisanu ndi ziwiri. Nyali zofiira zoyambitsira mpikisano zitangozima, Hamilton anatsogola asanafike n'komwe pakona yoyamba, ndipo ine ndinaitanitsa botolo lachiwiri.

Cha m'ma 4 koloko anthu a mpira anayamba kulowa, akufuna gemu ya ku England. Wina anandiyang'ana nkhope n'kunena kuti, "Achimwene, zoona tizionera magalimoto akungozungulira ngati ntchentche m'botolo?" Ndinawachonderera ngati ndikupempha ngongole. Ndinawauza kuti munthu wakuda yekhayo mumpikisanowu watsala pang'ono kuposa azungu onse amene anakhalako. Pamenepo anakoka mipando.

Zotsatirazo mukuzidziwa, koma alamu anu mwina sazidziwa bwino. Kutatsala ma lap asanu (lap ndi kuzungulira bwalo kamodzi), Hamilton ali patsogolo ndi masekondi oposa 10, Nicholas Latifi wa Williams anaomba khoma. Safety car, galimoto yotsogolera onse pakachitika ngozi, inatuluka, onse anachepetsa liwiro n'kuunjikana. Verstappen analowa kukaika matayala atsopano ofewa. Hamilton sakanatha kulowa chifukwa akanataya malo oyamba, ndiye anakhalabe pa matayala ake olimba omwe anali atatha kale. Pakati pa awiriwa panali magalimoto asanu otsalira m'mbuyo ndi lap yathunthu. Woyang'anira mpikisano, Michael Masi, analola asanu okhawo kuti adutse, ena otsalira anawasiya, kenako n'kuchotsa safety car lap yomweyo, pomwe malamulo amati idikire lap yotsatira. Panatsala lap imodzi. Verstappen anamudutsa Hamilton pakona yachisanu, basi nkhani inathera pomwepo.

M'bala muja munati zii. Kenako bambo ena achikulire, omwe anali asanaonerepo Formula 1 chibadwire, anafunsa kuti, "Ndiye kuti refa wagulitsa gemu?" Anthu anafa nalo phwete, ine ndekha ndiye sindinaseke. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, mvula ikuwaza, ndipo nsima ya tsiku limenelo inakhala m'mbale mpaka m'mawa. Masi anamuchotsa paudindo mu Febuluwale 2022, bungwe loyendetsa masewerawa la FIA linavomera kuti munthu analakwitsa, koma chikho sichinabwerere. Mnzanga uja atanditumizira chithunzi cha Verstappen akumwetulira usiku womwewo, ndinamubloka.

Ndakuuzani zonsezi kuti mudziwe kuti amene akukuyankhaniyu ndi wa mbali yanu. Ndiye musandikwiyire ndikanena kuti alamu anu, pa zambiri zimene akunena, sakunama.

Malume anga malemu ankayendetsa minibasi pamsewu wa Limbe kupita ku Zomba. Minibasi yake sinali yawo, inali ya bwana wina woumira, ndipo inkalira pokhapokha makondakitala aikankhe. Anyamata ongotenga kumene laisensi ankawadutsa pamtunda ndi minibasi zatsopano, akuliza hutala mowaseka. Malume ankangopukusa mutu, amvekere, pamtunda pamaoneka injini, dalaivala amaoneka mvula ikagwa. Ndinali mwana, ndinkangoti akudzitonthoza. Pano ndikaona Fernando Alonso ndimakumbuka malume. Munthu anatenga chikho mu 2005 ndi 2006, kuthetsa ufumu wa Schumacher, koma mu 2015 ali m'galimoto ya McLaren ya injini ya Honda anapeza mapointsi 11 okha chaka chathunthu. Ku Suzuka ku Japan, kwawo kwa eni injiniyo, anadandaula pa wailesi dziko lonse likumva kuti injini yake ndi ya GP2, mpikisano wa m'munsi mwa Formula 1. Chiwinireni ku Spain mu 2013 sanawinenso. Kodi anaiwala kuyendetsa? Ayi ndithu.

Mu Formula 1 timu iliyonse imapanga yokha galimoto yake. Kuseri kwa madalaivala awiri aja kuli mainjiniya ndi amakaniko mazanamazana amene amathera chaka chonse kufufuza mmene mphepo ingakanikizire galimoto pansi kuti ikhote mwaliwiro osaterereka. Malamulo akasintha, amene wawamvetsa msanga amadya yekha kwa zaka. Mu 2014 kutabwera injini za hybrid, zophatikiza mafuta ndi magetsi, Mercedes inatenga chikho cha matimu zaka zisanu ndi zitatu zotsatizana, mpaka 2021. Jenson Button anali atawinapo kamodzi kokha pazaka zisanu ndi zinayi. Mu 2009, Honda itathawa n'kumusiyira Ross Brawn timu pamtengo wa paundi imodzi, galimoto inapezeka ndi kachinsinsi kena kumbuyo kunsi komwe matimu akuluakulu analibe, ndipo Button anawina mipikisano isanu ndi umodzi mwa isanu ndi iwiri yoyambirira n'kukhala katswiri. Nico Hülkenberg anachita kudikira mpaka mpikisano wake wa nambala 239 kuti akwere pansanja ya atatu oyamba, ku Silverstone mu 2025.

Ndipo alamu anu akadzamva nkhani ya mpikisano wa ku Sakhir ku Bahrain mudzalira. Mu Disembala 2020 Hamilton anapezeka ndi Covid, Mercedes inabwereka George Russell ku Williams, mnyamata amene anali asanapezepo ngakhale pointi imodzi. Anamuika m'galimoto yopangidwira munthu wamfupi, mpaka anavala nsapato zothina kuti mapazi akwane. Anatsogola mpikisano kwa nthawi yaitali, ndipo akanawina pakanapanda amakaniko kusokoneza matayala, kenako tayala lina kuphwa. Tsiku limenelo ife ochemerera Hamilton tinazimitsa mafoni.

Komano apa ndi pamene magazi anga amayamba kuwira. Anthu onena kuti "ndi galimoto basi" amaiwala dala kuti galimoto imeneyo zimakhala ziwiri. Timu iliyonse ili ndi madalaivala awiri, injini yofanana, mainjiniya a nyumba imodzi. Valtteri Bottas anakhala mu Mercedes yomweyo zaka zisanu, kuyambira 2017 mpaka 2021. Anawina mipikisano 10, chikho ng'o, pomwe Hamilton pazaka zomwezo anatenga zinayi. Ngati ili galimoto, ya Bottas inkamwa mafuta a nyale? Nico Rosberg anamugonjetsa Hamilton mu 2016 ndi mapointsi asanu, ndipo patangotha masiku asanu analengeza kuti wasiya, chifukwa zimene chaka chimenecho chinamudyera sakanatha kuzibwereza. Bwererani ku 2007. Hamilton ali ndi zaka 22, chaka chake choyamba, anamuika pambali pa Alonso yemwe anali katswiri kawiri motsatizana, ndipo anamaliza ndi mapointsi 109 aliyense, Kimi Räikkönen n'kuwapitirira onse ndi pointi imodzi. Ku Turkey mu 2020, msewu uli woterera ngati therere, Hamilton anayambira pa nambala 6 n'kuwina ndi theka la mphindi, Bottas akungozungulirazungulira mpaka kupitiriridwa lap yathunthu ndi mnzake wa timu imodzi. Mvula ija ya malume ndi imeneyo.

Munthu amene amati Hamilton anangochita mwayi, ine ndimamuona ngati sanaonerepo mpikisano kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amangoona zotsatira pa Facebook. Ndipo ena mwa iwo, makamaka a kunja, sikuti galimoto ndi imene imawawawa. Hamilton, mwana wa ku Stevenage ku England amene bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti alipirire tigalimoto ta mpikisano wa ana, kufika poposa aliyense m'masewera a ana a anthu olemera, sizinawakomere. Verstappen bambo ake Jos anali dalaivala wa Formula 1, mayi ake anali katswiri wa tigalimoto tomweto. Lance Stroll bambo ake anachita kugula timu yonse. Ndiye wina azindiuza za mwayi?

Ndikupsa mtima, ndibwerere.

Muyeso womwewo umene ndamutetezera nawo Hamilton ndi umene ukundipweteka lero. Mu 2023 Red Bull inawina mipikisano 21 mwa 22. Verstappen anawina 19, mnzake wa timu imodzi Sergio Pérez iwiri. Mu 2024 galimoto ija inafooka, McLaren inatenga chikho cha matimu, Pérez anamaliza wachisanu ndi chitatu, koma Verstappen anakhalabe katswiri, ndipo ku Brazil kukugwa chimvula anayambira pa nambala 17 n'kuwina. Mu 2025 anamuikira Liam Lawson m'malo mwa Pérez, patangotha mipikisano iwiri anamuchotsa. Anabweretsa Yuki Tsunoda, sanaione nsanja ngakhale kamodzi. Verstappen, m'galimoto yomweyo, anali atatsalira ndi mapointsi 104 kumapeto kwa Ogasiti, koma anamaliza chaka atawina mipikisano isanu ndi itatu, kuposa wina aliyense, ndipo Lando Norris anamupulumuka ndi mapointsi awiri okha. Sindimukonda mnyamatayu. Kayendetsedwe kake kokankhira anzake kunja kwa msewu kamandinyansa, ndipo 2021 sindidzaiiwala. Koma pakadali pano palibe womuposa, ndipo ndikulemba izi mano ali gwa. Mnzanga uja, ngati ukuwerenga, usandiimbire.

Za Ferrari

Ndinkadziwa kuti zivuta, koma osati chonchi. Hamilton anawina kampikisano kakafupi ka Loweruka ku China mu Malichi 2025, chaka chake choyamba ku Ferrari, tonse tinavina. Kuchoka apo, chaka chonse sanakwerepo pansanja Lamlungu, koyamba chiyambire mu 2007. Charles Leclerc, m'galimoto yofiira yomweyo, anakwera kasanu ndi kawiri, ndipo anamaliza ndi mapointsi 242 pomwe Hamilton anapeza 156. Ku Hungary, Leclerc atapeza malo oyamba oyambira iye ali pa nambala 12, Hamilton anauza atolankhani kuti iye ndi wopanda ntchito, timu ipeze dalaivala wina. Zinandimvetsa chisoni ngati ndikumva bambo anga akudzinyoza pagulu.

Zifukwa zilipo. Anakhala zaka 12 ku Mercedes, ndipo moyo wake wonse wa Formula 1 anali asanayendetsepo injini ina. Mabuleki ndi ena, mainjiniya ndi ena, chilankhulo cha kufakitale ku Maranello ndi china. Magalimoto a malamulo a 2022 sanagwirizane nayenso kwenikweni, moti ngakhale Russell anamuposa pa mapointsi mu 2022 ndi 2024. Komanso Ferrari ndi Ferrari. Chikho cha dalaivala anachiona komaliza mu 2007. Alonso anapitako n'kubwerako chimanjamanja, Sebastian Vettel chimodzimodzi. Koma chifukwa china, chimene ife sitifuna kuchitchula, n'chakuti munthuyu wadutsa zaka 40, ndipo kagawo ka sekondi kamene kamasiyanitsa ngwazi ndi dalaivala wabwino chabe kamathawa mwakachetechete. Ine ndikhalabe naye. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndi iye amene amakumbutsa eni masewerawa kuti Africa ilibe mpikisano chichokereni ku Kyalami ku South Africa mu 1993, pomwe America yokha ili nayo itatu. Achibale athu a ku Joni amadutsa pafupi ndi bwalo limenelo tsiku ndi tsiku popita kuntchito, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono alamu anuwo. Musalimbane nawo pa za galimoto, avomerezeni msanga, mudzaona akusowa poponda. Kenako afunseni dzina la amene ankayendetsa Mercedes inayo, ndi zikho zimene anatenga. Akatchula Ferrari, vomerani kuti Leclerc anamuposa mu 2025, musachite manyazi, koma muwafunse ngati chaka chimodzi cha munthu wa zaka 40 chingafute mipikisano 105 imene anawina. Za Abu Dhabi musaziyambe ngati mlongo wanu ali pafupi, ukwati wa eni ungasokonekere.

Ndikulemba izi mipikisano ya 2026 isanayambe. M'chaka chimenecho malamulo a injini ndi a thupi la galimoto akusinthiratu, Audi ikulowa, Cadillac ikubwera ngati timu ya nambala 11, ndipo palibe akudziwa amene wamvetsa msanga. Mpikisano woyamba uli ku Melbourne mu Malichi, kuno kudzakhala kum'mamawa. Aitaneni alamu adzagone kwanu, mubetcherane nkhuku, koma kubetcha kwake kukhale pa Hamilton ndi Leclerc okha. Ine ndabetcha kale ndi mnzanga uja, ndipo nkhuku yake andiuza mayi a kunyumba kuti ichokera m'thumba langa, osati m'khola lawo.