Kwa achemwali ofunsa za WiFi yolipira ya mundege paulendo wa ku London

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Kunyamuka ulendo wautali kholo lili m'chipatala kumalemetsa mtima, ndipo ndikumvetsa chimene mwafunsira. Mwati mukubwerera kuntchito ku London kudzera ku Addis Ababa, ndiye mukufuna kudziwa ngati WiFi yolipira ya mundege imagwiradi, ngati mungaimbe nayo pa WhatsApp, kapena ngati ndi kungotaya ndalama monga ena ayankhira kale pano. Njira ya ku Addis ndayendamo kangapo, ya ku Doha yomwe, ndiye ndikuuzeni zimene ndaona.

Mmene zinthu zilili kwa inu, ine ndikuti gulani. Koma gulani kaphukusi kakang'ono kongokwanira kulemberana mauthenga, ndipo zokonzekera zonse muchitiretu pansi musanakwere. Ambiri amene amati WiFi ya mundege ndi yachinyengo anagula akuyembekezera kuti igwira ngati ya kunyumba, kapena anagula foni yawo ili yotsegula pakamwa, ikumeza bandulo iwo osadziwa.

Ndiyambe ndi mmene imagwirira, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonse zimveka zokha. Pamsana pa ndege zikuluzikulu pamakhala kotukuka ngati linunda la ng'ombe. M'kati mwake muli eriyo yomwe imalondola satelayiti ndege ikuuluka. Masatelayiti amene makampani ambiri akhala akugwiritsa ntchito, monga a Inmarsat, yomwe inagulidwa ndi Viasat mu 2023, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi. Mukatumiza uthenga, umakwera kukafika kumeneko, n'kutsikira pasiteshoni ya pansi, kenako yankho limabwerera njira yomweyo. Ulendo wonsewo ndi makilomita opitirira 140,000, ndipo ngakhale mafundewo amathamanga ngati kuwala, pamadutsa theka la sekondi ndi kadontho. Pa uthenga wolemba simungazindikire kanthu. Koma pa kuimba foni, inu mumayankhula mnzanunso akuyankhula, mawu n'kumawombana. Onjezaniponso kuti mundege muli anthu pafupifupi 300 ndipo onse amene agula akutunga pachitsime chimodzi. Anthu akangomaliza kudya, aliyense n'kutulutsa foni, netiweki imayamba kukwawa. Pakati pa usiku, ambiri akagona, imapepukako.

Za kuimbazo, musadalire. Makampani ambiri amaletsa kuimba foni ndi vidiyo mundege, ena amachita kutsekeratu, pofuna kuti ena agone mwamtendere. Uthenga wolemba umapita bwinobwino. Uthenga wa mawu waufupi nthawi zambiri umadutsa ngati phukusi lanu likulola, koma umachedwa, ndipo maphukusi ena ongolemberana amakana zithunzi ndi mawu omwe. Choncho muwauziretu amene akudikirira mayi kuchipatala kuti usiku umenewo azilemba, asamajambule mawu a mphindi zisanu monga timachitira masiku onse.

Ethiopian Airlines ili ndi WiFi yolipira, dzina lake ShebaSkyConnect, m'ndege zake zikuluzikulu monga Airbus A350. Koma si ndege iliyonse ili nayo, ndipo izi zili chomwecho ndi makampani onse. Ndege zing'onozing'ono za maulendo aafupi kawirikawiri zilibe, ndiye chigawo chochokera kumudzi kukafika ku Addis, chomwe ndi maola pafupifupi 4, muchiwerengere ngati chopanda netiweki. Pabwalo la ndege la Bole ku Addis pali WiFi yaulere, pamenepo ndi pomwe mungaimbe ndi kumva mawu a abale bwinobwino. Chigawo chenicheni chomwe mukufunsa ndi cha Addis kukafika London, maola pafupifupi 8. Yang'anani pa tikiti yanu kapena pa app ya kampaniyo kuti mukwera ndege yamtundu wanji, ngakhale nthawi zina amasintha ndege tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti zimene mwagula m'ndege imodzi nthawi zambiri sizipitirira kundege yachiwiri, ndipo phukusi limodzi limagwira pachipangizo chimodzi panthawi imodzi.

Mitengo imasinthasintha, koma kumakampani ambiri yolemberana mauthenga imakhala madola owerengeka, pomwe ya ulendo wonse imayambira cha pa $10 kukafika cha pa $25. Kwa amene amalandira mapaundi zimaoneka zochepa. Koma $20 pamtengo wa kubanki wa K1,750 pa dola ndi K35,000, ndalama yoti kumudzi ikhoza kugula mankhwala kapena chakudya cha odikirira odwala. N'chifukwa chake sindingauze munthu aliyense kuti agule. Wina amene akungofuna kuona Facebook ndi TikTok kuti nthawi ithe, ine ndingamuuze kuti asunge ndalama yake, atsitsiretu nyimbo ndi mafilimu ali pansi, kapena aonere za pa sikirini ya pampando zomwe analipira kale m'tikiti.

Tsopano pali chopunthwitsa chimene anthu satchula, ndipo ndi chimene chimagwetsa ambiri a ife: kalipiridwe. Mundege mulibe Airtel Money kapena Mpamba. Amafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula zinthu kunja. Makadi ambiri a kumudzi ali ndi malire pa ndalama zakunja chifukwa cha kusowa kwa madola, ndipo ena amafunika kuti mukawatsegulitse kubanki musananyamuke. Ngakhale khadi litakhala lotsegula, banki imatumiza kanambala kachinsinsi pa SMS kuti mutsimikize kuti ndinudi. Nanga SMS ikupezani bwanji muli pamwamba pa chipululu cha Sahara, foni ili pa airplane mode? Ine zinandichitikira ulendo wina. Ndinalemba manambala onse a khadi, tsamba n'kundiuza kuti ndilowetse kanambala komwe atumiza pafoni yanga, ndipo kanambalako ndinakakapeza m'mawa titatera. Inu poti mumagwira ntchito ku UK mwina muli ndi khadi lakumeneko, koma nalonso nthawi zina limafuna muvomereze mu app ya banki, app yomwe singatseguke musanalumikizidwe. Ndiye nyamulani makadi awiri ngati muli nawo. Onaninso ngati kampani yanu imalola kugula WiFi pasadakhale, pa webusayiti kapena kuofesi yawo, chifukwa ena amatero ndipo amakupatsani nambala yongolowetsa mukakwera. Zikakanika muli m'mwamba, funsani ogwira ntchito mundege, amadziwa njira zomwe zilipo pandege yawoyo.

Kwa ena amene mukuwerenga ndipo mumayenda ndi makampani ena: lembetsani umembala wawo wa anthu oyenda pafupipafupi, n'kwaulere ndipo sizitenga mphindi zisanu. Emirates, British Airways ndi Turkish Airlines akhala akupereka mauthenga aulere kwa mamembala awo. Koma nambala ya umembalayo ilowetsedwe pa tikiti musanakwere, ndipo pasiwedi yake muikumbukire, poti m'mwamba simungatsegule imelo kuti muisinthe.

Mukalumikizidwa, mdani wanu wamkulu ndi foni yanu yomwe. Foni ikaona WiFi imaganiza kuti yafika kunyumba. Imayamba kutumiza zithunzi zonse zomwe munajambula kumudzi ku Google Photos kapena iCloud, ma app amayamba kudzikonzanso, WhatsApp imatsitsa mavidiyo onse a m'magulu a mpingo, a kusukulu, a maliro ndi a ukwati. Ngati phukusi lanu ndi lowerengera ma MB, limatha muli chikhalire. Ulendo wina ndinagula kabandulo kotero, ndipo kanatha ndisanatumize ngakhale mauthenga khumi, chifukwa foni inali kalikiliki kukweza mavidiyo a pachinkhoswe. Ndiye mudakali pabwalo la ndege, lowani mu WhatsApp muzimitse zotsitsa zokha zithunzi ndi mavidiyo pa WiFi, muimitse kusunga zithunzi pa intaneti, muzimitsenso zoti ma app azidzikonza okha. Pa iPhone pali Low Data Mode, pa Android mukhoza kuiuza foni kuti WiFi imeneyo ndi yowerengera. Ngati mumagwiritsa ntchito VPN, izimitseni kaye, apo ayi tsamba lolipirira silitseguka.

China choopsa kwambiri pathumba: ndege zina zili ndi netiweki ya foni yeniyeni mkati, monga AeroMobile. Mukachotsa airplane mode, layini yanu ikhoza kulumikizika yokha pa roaming, ndipo mitengo yake ndi yokwera koopsa, si ya m'mabandulo anu a masiku onse. Siyani airplane mode ili choyaka ulendo wonse, muyatse WiFi yokha pamwamba pake. Dzina la WiFi muliwerenge pa kakhadi ka m'thumba la mpando kapena pa sikirini, musangodina iliyonse yooneka yaulere. Mu 2024 apolisi a ku Australia anagwira bambo wina amene ankayatsa WiFi yabodza m'ndege ndi m'mabwalo a ndege, yofanana dzina ndi yeniyeni, n'kumaba mapasiwedi a anthu. WiFi ikakufunsani pasiwedi ya Facebook kapena ya imelo yanu, tulukanimo.

Zinthu zikusintha ndithu. Starlink, intaneti ya pa satelayiti yomwe inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, yalowanso m'ndege. Masatelayiti ake ali pafupi, makilomita pafupifupi 550 okha, ndiye kuchedwa kuja kulibe. Qatar Airways inayamba nayo mu Okutobala 2024 m'ndege zake za Boeing 777, yaulere kwa aliyense, ndipo Air France, Emirates ndi British Airways analengezanso zoika yomweyo. Abale a ku Lusaka, Harare ndi Johannesburg amene amadzera ku Doha ena aionapo kale, munthu kuonera YouTube ali m'mitambo popanda kudukiza. Zatenga nthawi kufika pamenepa. Boeing inayamba kugulitsa intaneti m'ndege za Lufthansa mu 2004, n'kuitseka mu 2006 poti ogula anali ochepa. Koma ngakhale lero, kuika zipangizozi m'ndege zonse za kampani kumatenga miyezi yambiri, ndipo ndege ikamadutsa mumlengalenga mwa mayiko ena omwe salola, netiweki imaduka kwa kanthawi. Ikaduka musachite mantha kapena kugulanso kachiwiri, dikirani pang'ono. Ikapanda kugwira ulendo wonse, jambulani sikirini, sungani lisiti la pa imelo, mukapemphe kuti akubwezereni ndalama mukatera.

Tsopano, achemwali, ndinene chimene chandipangitsa kuti ndilembe motalika chonchi. Musanagule, dzifunseni kuti mukufuna WiFi imeneyi ikuchitireni chiyani usiku umenewo. Ndege za ku London zimanyamuka ku Addis pakati pa usiku n'kukafika m'mawa. Kumudzi nthawi imeneyo ndi usiku womwewo, ambiri ali mtulo, amene ali maso ndi odikirira odwala okha. Ngati pali zinthu zimene zingafune mawu anu, monga madokotala akufunsa za opaleshoni, pakufunika ndalama mwadzidzidzi, kapena inu ndinu amene abale amayang'ana pa chiganizo chilichonse, ndiye madola amenewo si otaya ayi. Kutha kulemba kuti “inde, pitirizani, ndalama nditumiza ndikatera” kukhoza kupulumutsa maola 8.

Koma palinso mbali ina. Uthenga wolemetsa ukakupezani muli pampando wapakati, alendo uku ndi uku, magetsi azimitsidwa, simungaimbe, simungatsike, simungabwerere. Ndinakhalapo moyandikana ndi mayi wina amene analandira uthenga wa maliro tikudutsa pamwamba pa nyanja ya Mediterranean. Analira mwakachetechete maola onse otsalawo, ogwira ntchito mundege anayesetsa kumukhazika mtima pansi ndi kumupatsa madzi, koma panalibe wake woti amugwire dzanja. Sindikukuopsezani, ndipo ndikupemphera kuti mayi achire. Ndikungoti nkhani imeneyi muikambiranetu ndi abale musananyamuke. Sankhani munthu mmodzi yekha woti azikulemberani, wodekha, osati gulu lonse la banja pomwe aliyense amaponya zake ndi mphekesera zomwe. Gulu limenelo litsekeni mawu usiku umenewo. Mumuuze munthuyo kuti ndi nkhani ziti akulembereni nthawi yomweyo, ndi ziti zidikire mutatera pomwe pali wina wokulandirani. Kwathu uthenga waukulu sitiuponya chiponyeponye, timayang'ana kaye kuti munthuyo ali pati ndipo ali ndi ndani, ndiye WiFi isatichotsere ulemu umenewo.

Ngati phukusi lake ndi la ola limodzi kapena awiri, musaliyatse mukangonyamuka, poti mudzakhala mutangoyankhula nawo muli ku Bole. Lisungeni mpaka cha m'bandakucha kumudzi, pamene anamwino ayamba kuzungulira m'mawodi ndipo odikirira ali ndi chatsopano chonena. Kumbukirani kuti Addis ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi, pomwe London ili m'mbuyo ndi ola limodzi nyengo yotentha kumeneko, maola 2 nyengo yozizira. Foni itchajeni mokwanira ndipo kachingwe kakhale m'chikwama cha m'manja, mipando yambiri ya m'ndege zazikulu ili ndi potchajira. Mukatera ku Heathrow, bwalo la ndege la ku London, WiFi ya pabwalo ndi yaulere, mukhoza kuimba mukudikirira katundu. Muyende bwino, ndipo mutiuze mmene mayi akupezera mukafika.